Galimoto ya Bambo a Sungeni

Sendezani mbaulayo kuno, inunso mukhale pansi, makasitomala sabwera kukazizira chonchi. Mumandidziwa ine Yotamu kuti pa nkhani ya maloko a galimoto sindifunsa munthu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pa ntchito imeneyi kuno ku Dedza, ndatsegula za abusa, za aphunzitsi, za zidakwa zogwetsera makiyi m'chimbudzi, ndipo palibe inanditulutsa thukuta kupitirira ola limodzi. Kupatula imodzi. Imeneyo inatseguka ndithu ine ndili pomwepo, koma ndikati ndinaitsegula ndine ndiye kuti ndakunamizani.

Linali Lachisanu m'mwezi wa Julaye, dzuwa litangopendeka. Foni inalira ndili ndi oilo mpaka m'zigongono. Anali mayi, mawu awo apansipansi ngati munthu wolankhula pafupi ndi wodwala.

"Ndine Nankhoma, mkazi wa malemu Chimphonda, kumtunda kwa Bembeke. Galimoto ya bambo kunyumba kuno ikukana kutseguka. Akuti batire linatha moto."

"Zazing'ono zimenezo, mayi. Ndibwera mawa m'mawa."

"Mawa ayi, bambo. Mawa kulibe. Ndapota nanu, bwerani lero."

Dzina la Chimphonda ndinkalimva. Ankanyamula anthu pakati pa Bembeke ndi pa boma, koma nkhope yake sindinkaidziwa, chifukwa galimoto yake sinapondepo pa galaja ya munthu. Amakanika tinkamunena kuti ndi woumira. Ena ankati si kuumira ayi, mkuluyo sankafuna basi kuti dzanja la munthu wina likhudze galimoto yakeyo. Ndinamangirira batire langa labwino kumbuyo kwa njinga yamoto, majampa (mawaya aja opatsirana moto wa batire), jeke, chikwama cha zida, n'kunyamuka ndikuimba mluzu.

Nditangosiya msewu wa tala, chifunga chinatsika. Mukuchidziwa cha ku Bembeke, chija chobwera masanasana osagogoda, munthu n'kulephera kuona tayala la njinga yake yomwe. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka ndinafika pamene msewu unagawikana patatu, pakati pa mitengo ya bulugama. Ndinaima, phazi pansi, ndikufuna kutulutsa foni kuti ndifunse njira. Apo m'pamene ndinaona kuti sindinali ndekha. M'mbali mwa msewu munaima bambo wamtali wovala jekete, kansanza kachikasu kali paphewa. Nkhope sindinaione bwino, ndipo mpaka lero sindingakuuzeni kuti anali woyera kapena wakuda.

"Kumanzere, bambo," anatero ndisanatsegule pakamwa. "Nyumba ya malata ofiira."

"Zikomo, achimwene. Mwadziwa bwanji kumene ndikupita?"

"Koma penti musakande."

Ndinaseka. Kumudzi nkhani sichedwa, ndinaganiza choncho, mwina mudzi wonse wamva kuti kukubwera makanika. Ndinaliza njinga n'kukhotera kumanzere, ndipo pocheuka chifunga chinali chitatseka kale pamene anaima paja.

Nyumba ya malata ofiira ndinaipeza. Pakhonde panali matumba omangamanga, mapoto m'beseni, matiresi opinda ndi chingwe, zonse zoonetsa kuti muno mukusamuka anthu. A Nankhoma anali mayi wochepa thupi, wa zaka mwina makumi atatu ndi mphambu, maso ofiira ndi kusagona. Anandilonjera atagwada, kenako ananditengera kuseri kwa nyumba.

Galimotoyo inali pansi pa mtengo wa mapichesi, yaing'ono, yotuwa, ya magalasi akuda oti sungaone za m'kati ngakhale utagunditsa mphuno. Matayala anali ataphwa pang'ono, udzu utamera mozungulira. Koma pamwamba pake panalibe tsamba ngakhale limodzi. Panalibe fumbi, panalibe zitosi za mbalame, pamene pansi ponse panali masamba ouma okhaokha.

"Mumaitsuka tsiku lililonse?" ndinafunsa.

"Sitiigwira, bambo. Chiyambire Malichi palibe waigwira."

Apo maso anga anagwera pa mwana. Kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri kanakhala pa njerwa pafupi ndi tayala lakumbuyo, katafunda chitenje mpaka m'mutu, manja pa mawondo. Ndinakapatsa moni. Kanandiyang'ana ndithu, maso abwinobwino a mwana wanzeru, koma pakamwa phee.

"Ameneyo ndi Sungeni," anatero mayi ake. "Musadabwe. Salankhula."

Tinapatuka pang'ono, ndipo anandifotokozera. Tsiku limene anamwalira, m'Malichi muja, a Chimphonda anabwera kuchokera ku boma madzulo monga mwa nthawi zonse. Anaimika galimoto pansi pa mtengowo, n'kuikhoma. Sungeni anawathamangira, iwo anamugwira pamutu n'kumuuza kuti, "Dikira pomwepa, ndakubweretsera kanthu, kali m'galimoto. Ndimwe kaye madzi, pachifuwa pakundiotcha." Anayenda mpaka pakhonde. Sanafike pa ndowa.

"Kuyambira tsiku limenelo akudikira," anatero a Nankhoma. "Kukacha amabwera kudzakhala pa njerwapo. Chakudya ndimamubweretsera pomwepo, amadya ngati mbalame. Kukada ndimachita kumunyamula. Kuchipatala anamuyeza, akuti lilime lili bwino, makutu ali bwino. Kusukulu anasiya. Abambo ake anamuuza kuti adikire, ndiye akudikira."

"Nanga bwanji simunatsegule kalekale?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana, ndipo zinalidi za chibwana. Iwo anali pa chitengwa, pamudzi pa amuna awo. Kiyi anali m'thumba la malemu, ndipo akuchimuna anamutenga tsiku la maliro lomwelo. Akuluakulu a banjalo analamula kuti katundu wa malemu asagwiridwe kufikira mayiwo atasudzulidwa. Mwambo wa kusudzulawo unachitika dzulo lake. Loweruka m'mawa a Nankhoma ndi mwana anayenera kunyamuka kubwerera kwawo ku Golomoti, ndipo alamu awo a Dalikeni, mkulu wa malemu, anali kubwera ndi lole yodzakoka galimotoyo kupita nayo ku Lilongwe.

"Alamu si munthu woipa," anatero. "Andisiyira kiyi kuti ndichotse za mwanayu. Koma ikapita mawa ili chikhomere, ine ndipita naye bwanji uyu? Thupi ndinyamula, koma mwana wanga atsala pa njerwa apa."

Mawu amenewo anandilasa. Ndili ndi ana aakazi atatu ine. Koma poti ndine Yotamu, ndinadziguguda pachifuwa n'kunena kuti, "Mayi, katenthetseni madzi a tiyi. Asanawire, chitseko chikhala chotsegula."

Kiyi wake anali wa makono uja, wa rimoti. Ndinadina, zii. Zimenezo ndinkaziyembekezera, galimoto ikakhala miyezi inayi osaliza batire limatha lokha. Anthu ambiri amathera pamenepo, sadziwa kuti m'mimba mwa rimoti mumabisala kakiyi kachitsulo. Ndinakankha kabatani kam'mbali, kakiyi kaja n'kusololoka. A Nankhoma anagwira pakamwa, ine mtima n'kukhala m'malo. Pa chogwirira chitseko cha dalaivala pali kachivundikiro ka pulasitiki, ndinakatukula ndi nsonga ya kakiyi komweko, bowo la loko n'kuonekera.

Kiyi analowa bwinobwino mpaka kumapeto. Koma kuti apotoke, anakana. Loko wosagwiritsidwa ntchito amauma, ndiye ndinathiramo mafuta, n'kudikira, n'kugwedeza pang'onopang'ono monga timachitira. Anakanabe. Ndipo kukana kwake sikunali kwa dzimbiri. Dzimbiri ndimalidziwa, limalira, limakhakhala. Uyu ankayamba kupotoka pang'ono, kenako n'kubwerera mofewa, ngati wina wagwira mbali inayo.

Ndinati chabwino, pali njira zina. Ndinagwada kuti nditenge sikuludiraiva yaikulu ndi waya wanga wopinda uja, woti ndikapanikiza chitseko pamwamba ndimulowetse akakoke loko m'kati. M'chikwama munalibe. Ndinakhuthula zonse pansi, osaoneka. Ndinali nditaziika ndekha ndi manja angawa ponyamuka.

"Mwanayu sanatenge zida zanga?"

"Sanasunthe, bambo. Mukumuona nokha."

Ndinazipeza patapita kanthawi, kutali ndi galimoto, patsinde pa mtengo wa mapichesi. Sizinatayidwe ayi. Zinayalidwa bwinobwino pa udzu, sikuludiraiva, waya, ndi hamala yanga yaing'ono imene sindinadziwe n'komwe kuti yasowa. Zonse zitatu zinali zida zokanda penti.

Pamenepo mluzu unandithera. Pamudzi ponse panali zii, nkhuku osalira, galu osauwa, chifunga chikungoyenda pakati pa ife ndi nyumba. Kenako ndinamva kaphokoso. Thi. Thi. Thi. Inu amakanika anzanga mukukadziwa, ndi kaja injini imachita ikamazizira, galimoto itangofika kumene kuchokera ku ulendo. Ndinayika chikhatho pa boneti. Inali yofunda. Dzuwa linali litabisika m'chifunga masana onse, zala zanga zinali zitauma ndi kuzizira, koma boneti inali yofunda ngati pamsana pa ng'ombe.

Pofuna kudzilimbitsa mtima ndinayamba kulankhula zilizonse. "Anthu a kuno ndi achidwi, mayi. Pa mphambano paja bambo wina wandilozera njira ndisanafunse. Mpaka kundilangiza kuti ndisakande penti."

"Bambo wake uti?"

"Wamtali, wa jekete. Kansanza kachikasu paphewa."

A Nankhoma sanakuwe, sanalire. Anangofunafuna pokhala ndi dzanja kumbuyo, n'kukhala pansi pa udzu wonyowawo. Anakhala nthawi akuyang'ana chitseko cha dalaivala. Funso linandibwerera mumtima: kodi si malemu amene ndinakumana nawo pa mphambano paja? Tsitsi langa lokha ndi limene linayankha.

Kunena zoona, ndinafuna kuthawa. Njinga inali pomwepo. Koma mwana uja anali akundiyang'ana, osati mwamantha ayi, koma mmene ana amayang'anira munthu wamkulu amene walonjeza. Ndinatola hamala.

"Mayi, tiswe kagalasi kakang'ono aka ka kumbuyo. Ndidzabwera ndi kena ndidzaikemo, alamu anu sadzadziwa."

Ndisanamalize, Sungeni anali ataimirira. Koyamba kumuona akusuntha. Anaima pakati pa ine ndi galimoto, msana atalozetsa ku galasi, manja atatambasula, chitenje chitagwa pansi. Anali woonda, anzanga, woonda zomvetsa chisoni. Anangopukusa mutu kamodzi.

"Abambo ake sankalola ngakhale kutsamira," anatero mayi ake chapansipansi. "Musaswe."

Ndinaponya hamala kutali, manyazi atandigwira.

Inatsala njira imodzi, imene ndimasungira tsiku loipa. Boneti sungaitsegule uli kunja, ndiye batire sungalifike. Koma ukalowa pansi pa galimoto, pali waya wonenepa wochokera ku batire kupita ku sitata, kachipangizo kolizira injini. Ukapana jampa yofiira pamenepo, yakuda pa chitsulo cha thupi la galimoto, moto wa batire lako umalowa, rimoti n'kugwira ntchito. Sinandikanikepo njira imeneyo. Ndinakweza galimoto ndi jeke, mosamala ngati ndikunyamula khanda, ndinaika miyala, ndinayala thumba, n'kupereka rimoti kwa a Nankhoma.

"Ndikakuuzani, mudine apa."

Ndinalowa chagada. Pansi pake panali poyera kuposa mbale za kunyumba kwanga, opanda dontho la oilo, opanda ndi kangaude yemwe. Ndinapana majampa onse awiri pamalo pake.

"Dinani!"

Zii.

"Dinaninso!"

Zii. Ndinakhulitsa jampa pa chitsulo kuti ndione ngati ithetheke. Batire limene m'mawa womwewo linadzutsa lole ya mbatata, silinatulutse ngakhale kamoto kamodzi. Ndinayesa katatu, kanayi, ndinatukwana chamumtima, kenako ndinatuluka. Kunja kunali kutayamba kuchita mdima wa madzulo, ndipo chifunga chinali chitafika mpaka pakhonde.

"Mayi," ndinatero, maso pansi, "ine zandikanika. Sindinanenepo mawu amenewa kwa munthu, koma zandikanika. Si loko, si batire. Galimotoyi ikuchita kukanizidwa."

Ndinkayesa alira. M'malo mwake nkhope yawo inauma, ndipo anaseka kaseko kowawa.

"Ndi khalidwe la amuna anga limenelo. Makani. Mukudziwa, bambo, mwezi wathunthu ankadandaula pachifuwa? Ndinawapempha, ndinawagwadira, tiyeni kuchipatala. Ankati mawa, mawa. Koma galimotoyi ikangotsokomola kamodzi, ankagona pansi pake mpaka itachira. Chitsulo ankachimvera, ine ayi. Ndiye anagwa pakhonde apo, ine ndili ndi kapu ya madzi m'manja."

"Pepani, mayi."

"Dzulo kumanda, akuluakulu anawauza malemu zonse, kuti mkazi wanu tamumasula. Atatha anandiuza kuti, Nankhoma, tsanzikanani nawo amuna anu. Ndinangokhala duu. Anthu ankayesa ndi chisoni. Sichinali chisoni, bambo, unali mkwiyo. Chimwalirireni sindinawalankhulepo ngakhale liwu limodzi. Iwo ananditsanzika ine?"

Ine ndine wa zitsulo, za mizimu ndimazisiyira eni ake. Koma ndinakulira pamudzi, ndipo ndikudziwa kuti mkazi sachoka pakhomo pa mwamuna wake ndi mwana osatsanzika, mwamunayo akhale wamoyo kapena ayi. Ndinakanda m'mutu.

"Ndiye kuti eni ake sanamve kuchokera pakamwa panu kuti mawa mukupita?"

"Anamva kwa abale awo."

"Abale awo si inu, mayi."

Anatembenuzira nkhope kumbali. Ndinaona kuti ndalankhula zopitirira msinkhu wanga, ndiye ndinati ndikachotse majampa anga ndizipita kusanade. Ndinalowanso pansi pa galimoto. Ndinamasula yofiira, ndinamasula yakuda. Gwirani bwino pamenepa: majampa onse awiri anali m'manja mwanga, pachifuwa panga, osakhudza chilichonse.

Ndili chigonere choncho ndinamva masamba akulira. Nditatembenuza mutu ndinaona mawondo a a Nankhoma akufika pansi pafupi ndi chitseko cha dalaivala. Anagwada mmene mkazi amagwadira popereka madzi. Ndinafuna kutuluka kuti ndiwapatse malo, koma ndinaona kuti ndikasuntha ndiwadula mawu. Ndinangokhala phee, ndipo zonse ndinazimva.

"Bambo a Sungeni," anayamba choncho. "Odi. Ndine."

Kaphokoso ka injini kaja kanasiya.

"Ndakhala osakulankhulani. Mukudziwa chifukwa chake, musachite ngati simukudziwa. Munandilakwira. Mukanandimvera bwenzi muli pano, mukutsuka chigalimoto chanuchi, ine ndikukunenani. Ndinakwiya, ndipo mwina ndikadakwiyabe pang'ono."

Anapuma, n'kumina.

"Koma ndabwera kudzatsanzika. Mawa tikupita ku Golomoti. Sitikuthawani ayi. Kwathu mukukudziwa, munkabwera wapansi kudzandifunsira musanagule ndi njinga yomwe. Mwanayu ndimulera, sukulu apita, dzina lanu saliiwala. Ndizibwera naye kudzasesa pamanda panu. Ngati mukuganiza kuti mukatsekereza chitsekochi ndiye kuti sitichoka, mukulakwitsa, bambo. Tichoka ndithu, koma ndichoka ndi mwana wosalankhula. Mwamuona mmene waondera? Munamuuza kuti adikire. Wakumverani, kuposa mmene inu munandimvera ine. Mumasuleni mwana wanu."

Kenako analira, kulira kwenikweni kumene ndikuganiza kuti sanalire pa maliro. Ndipo ine, bambo wamkulu wa ndevu, ndinali gone pansi pa galimoto ya eni, misozi ikulowa m'makutu.

Nditaphethira kuti ndione bwino, ndinaona mapazi a Sungeni ataima pafupi ndi tayala lakumbuyo. Pambali pake panali miyendo ina. Sindinamve munthu akubwera, masamba ouma aja sanalire. Inali miyendo ya munthu wamkulu, buluku lakuda losita bwino, ndipo kumunsi kwake chifunga chinali chokhuthala moti sindinganene ngati inkafika pansi. Mapazi a mwana aja anapendekeka pang'ono, mmene mwana amachitira akatsamira munthu. Ndinatseka maso. Sindichita manyazi kunena, ndinawatseka zolimba.

Kenako ndinamva khatha.

Kamodzi kokha, mofatsa. Aliyense wa ife akulidziwa phokoso la loko akamatseguka. Majampa anali m'manja mwangabe, ndipo rimoti, ndinaiona nditatuluka, inali pa udzu pamene a Nankhoma anaisiya.

Ndinatuluka chokwawa. Panalibe munthu wina aliyense, mayi ndi mwana basi. Ndinayesa chitseko cha dalaivala: chokhoma. Cha kutsogolo chinacho: chokhoma. Chimene chinatseguka chinali cha kumbuyo, kumanzere, ndipo chinali chitasiya kampata kolowa zala ziwiri.

"Ndi mbali imene amakhala Sungeni," ananong'ona a Nankhoma.

Palibe wa ife akuluakulu anachigwira. Mwanayo anachikoka yekha ndi manja awiri. M'katimo munatuluka mpweya wofunda, wa fungo la sopo ndi malalanje, osati fungo la galimoto imene yakhala miyezi inayi chitsekere. A Nankhoma anaukoka mpweyawo n'kutseka maso, ndipo ndinadziwa kuti ndi fungo la munthu wawo.

Pampando panali jumbo yakuda, ndipo jumboyo inali itamangidwa lamba wa pampando, ngati pakhala munthu. Ndinaseka misozi ili m'maso. Mkulu ameneyu ndithu, kumanga lamba jumbo! Sungeni anamasula lambayo mwaluso, zikuoneka kuti anaphunzitsidwa bwino, n'kutuluka nayo jumbo ija ataikumbatira. Anakhala pa njerwa yake n'kuimasula.

Zinali nsapato. Nsapato zakuda za kusukulu, za kachingwe kodutsa pamwamba, zatsopano, mapepala akadali m'kati. Mu imodzi munali kaluzi kopindapinda. Mayi ake anakatenga n'kukatambasula, ndipo kanali ndi mfundo ziwiri chakumapeto, motalikirana ngati zala ziwiri.

"Abambo ake anamuyeza phazi ali m'tulo," anatero, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Mfundo iyi ndi phazi lake. Yachiwiriyi ndi yawo yowonjezera. Chilichonse ankagula chachikulu, ati mwana akulira momwemo. Ndinkakangana nawo nthawi zonse, kuti mwana azichita kukoka nsapato ngati wabwereka."

Anagwada n'kupukuta mapazi a mwanayo ndi nsonga ya chitenje, lina kenako linalo. Anachotsa mapepala aja. Anamuveka yakumanja, n'kudina kutsogolo ndi chala chachikulu kufuna mpata umene watsala. Anadinanso. Anandiyang'ana.

"Palibe mpata," anatero. "Zamukwana ndendende."

M'Malichi zikanakhala zazikulu. Miyezi inayi imene anakhala pa njerwa paja, osadya bwino, osalankhula, phazi lokha linali likukula mwakachetechete mpaka linafika pa mfundo ya abambo ake.

Sungeni anaimirira. Anayenda masitepe atatu kupita kutsogolo, atatu kubwerera, akuyang'ana pansi, nsapato zikulira pa masamba. Kenako anaima pafupi ndi chitseko chotsegula chija n'kukweza mutu, kuyang'ana m'mwamba pang'ono, pamene pangakhale nkhope ya munthu wamtali. Anakhala choncho kanthawi, akumvetsera. Ife sitinamve kanthu. Anagwedeza mutu kuvomera, n'kukankha chitseko chija mosamala mpaka chinatsekeka, osachimenyetsa.

Anabwera kwa mayi ake, amene anali chigwadire, n'kuwagwira dzanja. Mawu ake anatuluka okhakhala, aang'ono, ngati chitseko chimene chakhala nthawi osatsegulidwa.

"Amayi, tiyeni m'nyumba. Ababa akuti kwazizira."